Kulima mpendadzuwa kumalo otentha kwambiri, kuyambira pa njere mpaka m'thumba

Aliyense amene anakhalapo ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Bangula mwezi wa Okutobala amadziwa kuti dzuwa la ku Chigwa cha Shire si lamasewera, chifukwa masana kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo dothi limaotcha phazi ngakhale munthu atavala patapata. Ambiri amaganiza kuti mpendadzuwa, poti dzina lake lomwe likutchula dzuwa, angapirire kutentha kulikonse. N'zoona kuti amapirira ng'amba kuposa chimanga, popeza muzu wake waukulu umatsika mpaka mita imodzi ndi theka kapena kupitirira apo n'kukamwa chinyontho chimene mbewu zina sizifikako. Komabe pali nthawi ziwiri zimene mbewuyi imakhala yofooka ngati khanda: pamene njere ikumera, ndi pamene mutu ukutulutsa maluwa. Mlimi wa kumalo otentha akateteza nthawi ziwirizi, ntchito yotsalayo ndi yomwe anaizolowera kale pa thonje ndi mapira.

Werengani masiku musanagwire khasu

Ntchito yoyamba imachitikira pa kalendala. Mitundu yambiri ya mpendadzuwa wa mafuta imatulutsa maluwa patatha masiku 55 mpaka 70 chibzalireni, ndipo imakhwima pakati pa masiku 95 ndi 120, kungoti kumalo otentha imafulumirako pang'ono. Kutentha kukamapitirira madigiri 35 pa nthawi ya maluwa, mungu umafooka ndipo njere zambiri, makamaka za pakati pa mutu, zimangokhala mankhusu opanda kanthu m'kati. Kutenthako kukapitirirabe pamene njere zikukhwima, mafuta ake amachepa. Choncho sankhani kaye mwezi umene mukufuna kuti munda wanu uchite maluwa, kenaka muwerenge miyezi 2 chobwerera m'mbuyo, ndipo mudzapeza tsiku lobzala.

Ku chigwa kuli nyengo ziwiri zimene kuwerenga kumeneku kumalola. Yoyamba ndi ya dzinja, kuyambira kumapeto kwa Disembala mpaka pakati pa Januwale, mvula itakhazikika ndipo nthaka itazizirako. Wobzala nthawi imeneyi amaona maluwa cha m'Malichi ndipo amakolola mu Epulo kapena Meyi, mvula itasiya, zomwe zimathandiza kuti mitu isaole ili m'munda. Pa dothi la mchenga musadikire kufika pakati pa Januwale, chifukwa mvula ya ku chigwa imatha msanga ndipo mchenga susunga madzi. Pa makande mungathe kuchedwako, poti dothi limeneli limasunga chinyontho kwa nthawi yaitali. Nyengo yachiwiri, imene ine ndimaikonda kwambiri, ndi ya kudimba, mu Epulo ndi Meyi, madzi osefukira akaphwa. Mbewu ya nthawi imeneyi imachita maluwa mu Juni ndi Julayi, pamene ngakhale ku Nsanje anthu amafunako chofunda usiku, ndipo imakololedwa chilimwe chisanafike pachimake.

Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala ipeweni ngakhale mutakhala ndi pampu ndi madzi okwanira, chifukwa maluwa adzakumana ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala. Mbewu imakula bwino ndithu, mitu imaoneka yaikulu, koma pokolola thumba limapepuka modabwitsa.

Pewaninso kunyengedwa ndi mvula yoyamba. Chaka changa choyamba ndinabzala theka la ekala tsiku lotsatira mvula ya chizimalupsa, ndikudzitama kuti ndawatsogolera anzanga. Mvula ija inanyowetsa dothi la pamwamba lokha, kenaka kunachita dzuwa masiku 9 otsatizana. Nditafukula mapando angapo ndinapeza njere zitatupa, zina zitatulutsa kamuzu koyera, koma zonse zitafewa ngati zophika, ndipo m'mzere wa mapando oposa 100 munamera mbewu zowerengeka ndi zala.

Mbewu yoti mubzale

Pali mpendadzuwa wa njere zakuda zazing'ono, amene ali ndi mafuta ambiri, ndi wa njere zazikulu zamizeremizere, amene anthu amakazinga kapena kudyetsa nkhunda ndi nkhuku. Ngati cholinga chanu ndi kuyenga mafuta kapena kugulitsa kwa oyenga, tengani wakuda. Kumalo otentha kumene mvula imadula msanga, mtundu wocha msanga ndi wodalirika kuposa wochedwa, ngakhale wochedwayo atakhala ndi mbiri yobereka kwambiri kumtunda. Funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu za mitundu imene ikupezeka chaka chimenecho, ndipo werengani pa paketi masiku amene mtunduwo umatenga kuti ukhwime. Mbewu ya haibulidi imabereka bwino ndipo imakhwima nthawi imodzi, koma siyenera kubwerezedwa chaka chachiwiri. Mbewu ya makolo mungathe kusunga, malinga musankhe mitu yabwino.

Njere ya mpendadzuwa, pokhala ya mafuta, imafa msanga ikasungidwa pamalo otentha. Paketi imene yakhala miyezi ingapo pa shelefu ya golosale ya malata, kapena thumba limene linapachikidwa pafupi ndi denga, likhoza kuoneka labwinobwino pamene theka la njere zake linafa kale. N'chifukwa chake muyenera kuyesa mbewu kutatsala masabata 2 kuti mubzale. Werengani njere 50 mosasankha, zifoleni pa chiguduli chonyowa, pindani chigudulicho, ndipo muchiike pamthunzi pafupi ndi mtsuko wa madzi, n'kumachiwaza madzi m'mawa ndi madzulo. Pakatha masiku 7 werengani zimene zatulutsa muzu. Zikafika 40 kapena kupitirira, mbewuyo ndi yabwino; zikachepera 35, ndi bwino kufuna ina kusiyana ndi kudzavutika ndi kupakiza. Dziwaninso kuti njere zongokololedwa kumene sizimera bwino, chifukwa zimayamba zagona kwa mwezi umodzi kapena iwiri, choncho amene akolola mu Epulo asathamangire kubzala njere zomwezo kudimba sabata yotsatira.

Kukonza munda

Sankhani malo oti dzuwa limawomba tsiku lonse ndiponso madzi sadikha. Mpendadzuwa amadana ndi chithaphwi kuposa momwe amadanirana ndi ng'amba, ndipo masiku ochepa okha mizu ili m'madzi ndi okwanira kuti afote. Amene anaona madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 akudziwa okha mbali za minda yawo kumene madzi amachedwa kuchoka, ndipo kumeneko ndi koyenera mbewu ya kudimba, osati ya dzinja. Musabzalenso pamene panali mpendadzuwa chaka chatha. Dikirani zaka 3, mukusinthanitsa ndi mapira kapena chimanga, kuti matenda okhala m'nthaka asachulukane.

Limani mozama kuti muswe chidothi cholimba chimene chimakhala pansi pa mizere yakale, chifukwa muzu ukagunda pamenepo umapindika n'kuyenda cham'mbali, ndipo mphamvu yonse yopirira ng'amba imathera pomwepo. Ungani mizere motalikirana masentimita 75, ndipo ngati malowo ndi otsetsereka kapena ouma msanga, ikani ngonyeka m'makwawa kuti madzi a mvula azilowa pansi m'malo mothamanga. Kudimba, kumene chinyontho chimachokera pansi, mizere si yofunika kwenikweni. Mungathe kubzala pa fulati kapena m'timaenje tosaya. Manyowa owolerana bwino ndi othandiza kwambiri kumalo otentha, poti amasunga chinyontho ndi kufewetsa dothi la pamwamba, koma ndowe zaziwisi zimaotcha mmera ndi kuitana chiswe.

Tsiku lobzala

Bzalani dothi litanyowa mpaka pansi, osati pamwamba pokha. Njira yosavuta yodziwira ndi kukumba ndi khasu kuya kofika chikhatho chonse, kutapa dothi la pansipo ndi kulifinya m'manja. Likaumbika osamwazika, chinyontho chilipo chokwanira. Bzalani madzulo dzuwa litapendeka, kuti njere ikhale usiku wonse ikumwa madzi m'dothi lozizira isanakumane ndi dzuwa la mawa lake. Ena amaviika mbewu m'madzi usiku umodzi kuti imere msanga, ndipo zimathandiza ngati dothi ndi lonyowadi, koma njere yoviika ikagwera m'dothi louma imafa msanga kuposa youma, ndiponso mbewu yogula yopakidwa mankhwala siyenera kuviikidwa.

Mapando atalikirane masentimita 30, ndipo m'phando lililonse ikani njere 2, kuti mudzasiye imodzi popatulira. Pa muyeso umenewu hekitala imodzi imakhala ndi mbewu pafupifupi 44,000, ndipo ekala imakhala ndi pafupifupi 18,000. Kumene mvula imavuta kwambiri mungathe kutalikitsa mapando kufika masentimita 35 kapena 40 kuti mbewu zisalimbirane madzi, koma musapitirire apo, chifukwa mpendadzuwa akapatsidwa malo ambiri amabereka chimutu chachikulu chimene chimathyola phesi ndiponso chimachedwa kuuma.

Kuya kwa phando ndi kumene alimi ambiri amalakwitsa. Njere ikhale masentimita 3 mpaka 5 pansi, komwe ndi pafupifupi kutalika kwa bokosi la machesi. Pa mchenga tsatirani 5, chifukwa dothi la pamwamba limauma ndi kutentha msanga. Pa makande tsatirani 3. Masana dothi lakuda lopanda chophimba limatentha kwambiri kuposa mpweya, ndipo njere yokhala pamwamba penipeni imapsa, pamene yokwiriridwa mozama kwambiri imatha mphamvu isanatulukire kunja. Mukakwirira, tsindirani pang'ono ndi chikhatho kapena kumbuyo kwa khasu kuti njere igundane ndi dothi lonyowa, koma musaponde ndi chidendene.

Feteleza wokulitsa asagundane ndi njere ngakhale pang'ono. Boolani kabowo masentimita 5 mpaka 10 kuchokera paphando, thirani m'menemo ndi kukwirira. Mpendadzuwa safuna feteleza wambiri ngati chimanga. Pafupifupi theka la muyeso wa chimanga ndi lokwanira, ndipo pa dothi la m'mbali mwa Shire limene madzi osefukira amasiyapo chonde, manyowa okha nthawi zina amakwanira. Feteleza wochuluka amakulitsa masamba amene amamwa madzi ambiri, amagwetsa mbewu ku mphepo, ndiponso amachepetsa mafuta m'njere.

Amene akufuna mpendadzuwa wochepa wokongoletsa pakhomo atsatire zomwezi, ndipo asafese pa nazale kuti adzawokere, chifukwa muzu waukulu ukaduka pozula, mbewuyo imapinimbira ndipo kumalo otentha kawirikawiri siichira.

Masabata oyamba

Mbewu imamera pakati pa masiku 5 ndi 10, ndipo masiku amenewa muziyendera munda m'mawa uliwonse. Mpendadzuwa pomera amatuluka atapinda khosi, akukoka timasamba take tiwiri toyamba kuchokera pansi, choncho chilichonse cholimba pamwamba chimamutsekereza. Kukagwa mvula yamphamvu kenaka n'kuwomba dzuwa, dothi la pamwamba limauma n'kuchita nkhoko ngati ya mumphika wa nsima. Mukaona zimenezi, tengani kamtengo kapena chala n'kuswa nkhokoyo pang'onopang'ono mozungulira phando. Nthawi zambiri mudzapeza pansi pake kammera kachikasu katapindika, ndipo mukakatsegulira m'mawa, pofika madzulo kamakhala katadzuka ndi kuyamba kubiriwira.

Kuphimbira ndi udzu wouma kapena mapesi kumaziziritsa dothi ndi kuchepetsa nkhoko imeneyi. Pa nthawi yomera yalani udzu wopyapyala woti kuwala kuzilowa, ndipo mbewu zikatuluka muusunthe kuti usakhudze tsinde, kenaka muonjezere wochuluka pakati pa mizere. Pamalo a chiswe chambiri ganizirani kawiri, chifukwa chiswe chikamaliza udzu nthawi ya ng'amba chimatembenukira ku mizu. Kumeneko ine ndimaphimbira m'makwawa mokha. Mbewa, nkhanga ndi njiwa zimafukula njere, ndipo mphutsi zina zimadula mmera usiku n'kubisala m'dothi pafupi ndi tsinde, moti mukaona kambewu katagwa m'mawa, fukulani pomwepo ndipo mudzapeza mphutsiyo itadzipinda.

Pakizani mapando osamera sabata yoyamba yomweyo, popeza mbewu yopakiza mochedwa imaphimbidwa ndi zinzake ndipo siipindula. Patulirani patatha masabata 2 chimerereni, dothi lili lonyowa, ndipo musiye mbewu imodzi yamphamvu paphando. Dulani yofookayo ndi chikhadabo m'malo moizula, kuti musagwedeze mizu ya yotsalayo. Palirani kawiri m'masabata 6 oyamba, chifukwa nthawi imeneyi mpendadzuwa amakula pang'onopang'ono pamwamba pamene akutumiza muzu pansi, ndipo udzu umamulanda madzi mosavuta. Mbewu ikafika m'mawondo thirani feteleza wobereketsa pa dothi lonyowa, mumukwirire kuti asauluke ndi dzuwa, ndipo mubandire kuti phesi lilimbe. Kuchokera apa masamba amatseka mizere ndipo udzu umagonja wokha.

Kathiriridwe

Kwa olima mothirira, lamulo ndi lakuti madzi akhale ambiri koma apatalipatali. Kuwaza timadzi tsiku lililonse kumachititsa mizu kuyandama pamwamba, pomwe ndi pamalo otentha kwambiri, ndipo mbewu yotere imafota tsiku limene mwalephera kupita kudimba. Sabata yoyamba yokha ndi imene dothi la pamwamba liyenera kukhala lonyowa nthawi zonse. Mbewu ikamera, thirirani mokhutitsa kamodzi pa masiku 3 kapena 4, ndipo ikamakula muzitalikitsa mpaka kamodzi pa sabata, kapena kupitirira apo pa makande. Thirirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, pansi pa tsinde osati pamasamba.

Masamba akalendewera masana musathamangire ndowa, chifukwa mpendadzuwa amachita zimenezi dzuwa likakula ngakhale pansi pali madzi. Kaoneni mbewuyo m'mawa dzuwa lisanakwere: ngati masamba adzuka, ilibe ludzu, ngati akadali ogwa, thirirani tsiku lomwelo. Nthawi imene madzi sayenera kusowa ndi kuyambira masabata 3 maluwa asanatuluke, pamene kamutu kayamba kuoneka ngati nyenyezi pansonga, mpaka masabata 3 maluwa atatha. Ngati madzi anu ndi owerengeka, asungireni nthawi imeneyi. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje madzi a pamjigo ndi amchere. Mbewu yaikulu imawapirira ndithu, koma mmera umavutika nawo, choncho pomeretsa gwiritsani ntchito madzi a mumtsinje ngati alipo pafupi.

Maluwa ndi njuchi

Mutu ukadali waung'ono umatsata dzuwa kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, n'kubwerera usiku, koma ukatsegula maluwa umaima n'kuyang'ana kum'mawa kokha. Chimene timachitcha duwa limodzi ndi timaluwa tambirimbiri timene timatseguka mozungulira, kuyambira m'mphepete kulowera pakati, kwa sabata imodzi kapena masiku 10, ndipo kaduwa kalikonse kamasanduka njere imodzi ngati kalandira mungu. Ntchito yonyamula munguyo amaigwira kwambiri ndi njuchi, zomwe kumalo otentha zimabwera m'mawa kukadali kozizira. Mng'oma umodzi kapena iwiri pafupi ndi munda umachepetsa njere zopanda kanthu, ndipo uchi wake ndi phindu lapadera.

Apa alimi a ku chigwa ayenera kusamala, chifukwa mbozi imene imaboola thonje imadyanso mitu ya mpendadzuwa, ndipo dzanja lozolowera kupopera thonje limafulumira kunyamula sipuleya. Yambani mwayendera munda ndi kutola mbozi ndi manja ngati ndi zochepa. Ngati kupopera sikungapeweke, poperani madzulo kwambiri njuchi zitabwerera, ndipo mugwirizane ndi eni minda ya thonje yoyandikana nanu kuti nawonso asapopere m'mawa pamene munda wanu uli pa maluwa. Mukaona mitu yopindika, masamba a pamwamba okhakhala ndi ophwanyika, kapena mutu wothyoka pakhosi popanda chouluma, mwina nthaka ikusowa mchere wotchedwa boroni, vuto limene limakula pa mchenga nthawi ya ng'amba. Muitaneni mlangizi adzaone musanathire kanthu, chifukwa mchere umenewu ukachuluka umaononganso mbewu. Mbewu zofota mwadzidzidzi zimene phesi lake m'kati ladetsedwa ngati lawazidwa makala zizulidwe ndi kutenthedwa, ndipo matenda amenewa amakonda mbewu imene yavutika ndi ludzu pa dothi lotentha.

Kukolola ndi kusunga

Njere zikayamba kulimba, mpheta ndi njiwa zimafika m'magulu, ndipo kamunda kakang'ono kokhala pakokha kangathe kutha m'masiku ochepa. Kubzala nthawi imodzi ndi anzanu kumagawa vutoli, monga zimakhalira ndi mapira, ndipo kulondera m'mawa ndi madzulo kumaposa zoopsezera zonse, zomwe mbalame zimazizolowera sabata isanathe. Wa mitu yochepa pakhomo angathe kuiveka timatumba ta ukonde kapena nsalu yopyapyala maluwa akafota, koma osati pulasitiki, amene amasunga thukuta n'kuoletsa mutu.

Chizindikiro cha kukhwima chili kumbuyo kwa mutu. Kukasintha kuchoka kobiriwira kufika kwachikasu, ndipo timasamba tozungulira mutu tikayamba kuuma n'kuda, njere zakhwima, ndipo kuthirira kuyenera kulekeka. Simuyenera kudikira kuti mutu uumiretu uli m'munda, popeza kumalo otentha umauma mofulumira n'kuyamba kuyoyola njere, kwinaku mbalame ndi chiswe zikutengapo gawo lawo. Dulani mitu ndi chikwakwa kapena mpeni m'mawa, ndipo muiyanike pa lona kapena pathandala njere zitayang'ana kumwamba, osaiunjika, chifukwa mulu wa mitu yaiwisi umatentha m'kati ndi kuchita nkhungu usiku umodzi wokha. Pakatha masiku 4 mpaka 7 a dzuwa, pukusani mitu iwiri pamodzi kapena muipunthe pang'onopang'ono ndi ndodo, petani ndi lichero kuti mankhusu ndi njere zopanda kanthu ziuluke, kenaka muyanikenso njerezo masiku 2 kapena 3. Njere youma bwino imathetheka mukailuma, ndipo khungu lake limasweka mosavuta.

Sungani m'matumba oyera pamalo ozizira ndi opita mphepo, atasanjidwa pa mitengo kuti asakhudze pansi kapena khoma. Kumalo otentha musasunge nthawi yaitali, chifukwa mafuta a m'njere amayamba kununkha. Gulitsani kapena kayengetseni m'miyezi yochepa. Pa makina ang'onoang'ono oyengera, makilogalamu pafupifupi 4 a njere zakuda zabwino amatulutsa lita imodzi ya mafuta, ndipo zotsalira zake musazisiye kuchigayo, poti ndi chakudya chabwino cha nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe mukazisakaniza ndi madeya.

Ngati munabzala mbewu ya makolo ndipo mukufuna kusungako ya chaka chamawa, sankhani mitu yodzaza mpaka pakati kuchokera ku mbewu za m'kati mwa munda zimene sizinadwale, ndipo muiyanike pamthunzi wopita mphepo osati pa simenti yotentha. Njere zake zikauma, ziikeni m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi phulusa louma pang'ono, ndipo chigubucho chikhale pansi m'chipinda chozizira kwambiri cha nyumba yanu, kutali ndi malata ndi kukhitchini, mpaka tsiku lodzaziyesa pa chiguduli chonyowa.